Ndinadzidzimukira ku Muloza

Anthu a ku Bangwe amene anali pa maliro ena mu Julayi 2024 amaidziwa nkhaniyi mbali imodzi. Abale anga a ku Phalombe amaidziwa mbali ina. Lero ndati ndiifotokoze yonse, chifukwa mbali imene onsewo sanaione ndi imene inatsala pang'ono kunditengera kumanda.

Ine ndine woyamba kubadwa m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Bambo anatisiya ndili Fomu 3, amalume nawo anatsatira patangopita zaka zochepa, ndiye umwini mbumba unandigwera ndevu zisanamere bwino. Kwathu alongo ako ndi ana awo ndi mbumba yako. Mwana akadwala, akabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, banja likagwedezeka, foni imene imalira ndi ya amalume. Ndimagwira ntchito yolemba katundu wolowa ndi wotuluka pa nyumba ina yosungiramo katundu ku Limbe. Malipiro ake pofika pa 20 amakhala atatha, koma kwa munthu wa kumudzi aliyense wolandira pamwezi ndi bwana.

Kwa zaka zambiri katunduyu ndinkamusenza monyadira. Mtima unkandikomera ndikamva anthu akuuzana kuti, "Pitani kwa bambo a Chisomo, amene aja sakana." Kumpingo ndinali mlembi wa dera lathu. Kuntchito ndinkasunga kope la chipereganyu. M'mudzi ndinali nkhoswe wa mabanja anayi. Mawu akuti "sakana" anasanduka dzina langa, ndipo ndinkalisamala dzinali kuposa thupi langa.

Kenaka mavuto anabwera motsatizana. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa khoma limodzi la nyumba ya mayi, nakokolola nyumba yonse ya mlongo wanga wachiwiri, munda wake n'kudzaza mchenga ndi miyala yochokera kuphiri. Ana ake atatu anabwera kudzakhala nafe ku Bangwe, m'nyumba ya zipinda ziwiri. Pakhomo pamene tinkadya anthu asanu tinayamba kudya asanu ndi atatu. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya sopo, mafuta ndi feteleza n'kulumpha sabata yomweyo. Dzinja lotsatira kunachita ng'amba, mpaka mu Malichi 2024 Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi. Kwathu chimanga chinafota chisanamasule. Aliyense anayang'ana kwa ine, ine n'kuyang'ana kwa akatapila. Ndinkatenga K100,000 kuti mwezi ukatha ndibweze K150,000, ndipo pobweza ndinkakatenga kwa wina. Mayi a kunyumba sankadziwa.

Tulo ndito tinayamba kundithawa. Ndinkagona cha m'ma 10 koloko, 1 koloko ndadzuka, maso ali kudenga, ndikuwerengera ngongole mpaka atambala kulira. Nsima inasiya kukoma. Mutu unkawawa kunkhongo tsiku lililonse, ine n'kumangomwa Panado. Foni ikalira mtima unkagunda ngati ndagwidwa ndikuba. Mwana akagwetsa kapu ndinkakalipa mpaka anansi kusuzumira. Kuntchito ndinalemba lole imodzi kawiri, chinthu chimene sichinandichitikirepo zaka zonse zija.

Usiku wina mayi a Chisomo anandipeza nditakhala pakhonde mumdima.

"Bambo a Chisomo, mwaondatu. Tapumulaniko. Bwanji osawauza alamu ku Joni kuti athandizeko mbali ina?"

"Ndikapuma ine anthu aja adya chiyani? Mukufuna azinena kuti ndayamba kudzikonda?"

Liwu limenelo ndi limene ndinkaliopa. Kwathu wakuba amatha kukhululukidwa, koma munthu amene akumunena kuti wakhuta za m'tauni waiwala kwawo, dzina limenelo amafa nalo. Ndinkaona ngati kugona masana Lamulungu, kuzimitsa foni, kapena kunena kuti "mwezi uno ndilibe" ndi kuyamba kwa kudzikonda kumeneko.

Loweruka la sabata imeneyo kunali chinkhoswe cha mwana wa mlongo wanga wamkulu, mtsikana amene ndinamulipirira sukulu kuyambira Fomu 1. Ine ndinali nkhoswe wamkulu wa kuchikazi. Ndalama zimene abale anasonkha, K350,000, zomalizira kulipira tenti, zokuzira mawu ndi mbuzi, zinali mu envelopu m'sutikesi yanga. Mayi a Chisomo ananyamuka Lachinayi ndi ana kuti akathandize kuphika. Ali pakhomo, chikwama chili kumutu, anandifunsa kuti, "Envelopu ija ndinyamule?" Ndinakana. Ndinati ndibweretsa ndekha. Ichi ndi cholakwa changa choyamba, ndipo ndikuchivomera: ngakhale mkazi amene ndakhala naye zaka 19 sindinkafuna kumugawirako katundu.

Usiku wa Lachinayi lomwelo m'dera lathu munagwa zovuta. Anamwalira bambo wina wa mumpingo mwathu, telala amene ankasoka mayunifomu a ana ambiri a m'deralo. Lachisanu nditaweruka ndinapita kusiwa. Ndisanakhale pansi n'komwe, anandipatsa kope la chipepeso monga mwa masiku onse. Pakamwa panga panali mawu akuti, "Mawa ndili ndi ulendo, lero alembe wina." Ndinawameza. Ndinakhala pa benchi pafupi ndi moto, chiperoni chikuwaza, amayi akuimba m'nyumba, ine ndikulemba mayina ndi ndalama mounikira ndi tochi ya foni. Uwu unali usiku wachitatu osagona.

Wokhoma bokosi anali atalandira theka. Theka linalo, pamodzi ndi mafuta a lole yonyamula maliro, zinkayembekezera chipepeso chimenechi. Kutacha ndinafunafuna mkulu wa mpingo kuti ndimusiyire, anandiuza kuti watsikira kumanda kukaona adzukulu. Ndinaika kope ndi jumbo ya ndalama m'chikwama changa, mumtima ndikuti ndisiya kunyumba kwake podutsa. Ndinathamangira kwathu, kusamba, kuvala jekete, kutseka chitseko. Sutikesi sindinaitsegule. Pa nyumba ya mkulu wa mpingo ndinadutsa osatembenuka. Mpaka lero ndikayesa kukumbukira m'mawa umenewo ndimangoona chifunga.

Ku Limbe ndinakwera minibasi yodzera msewu wa Midima. Ndinakhala kumbuyo pawindo, chikwama ndachikumbatira pamiyendo, kondakitala n'kumuuza kuti nditsika pa Chitakale, pamene pamapatukira msewu wa ku Phalombe. Ndimakumbukira tikudutsa pa mphambano ya ku Nguludi. Za Nkando, za phiri la Mulanje, za minda ya tiyi, sindinaone chilichonse.

Ndinamva munthu akundigwedeza phewa.

"Bambo, tafika. Galimoto sipitirira pano."

"Pa Chitakale?"

"Chitakale tinadutsa kalekale. Ndinaitana katatu, inu zii. Kuno ndi ku Muloza."

Ndinatsika miyendo ili zii. Patsogolo panga panali malole oyembekezera kuwoloka kupita ku Milange, anyamata osintha ndalama, njinga zonyamula matumba. Nthawi inali itadutsa 11 koloko. Ndinatulutsa foni, inali itazima. Tochi ya usiku ija inamaliza moto. Ndinadzilimbitsa mtima kuti chinkhoswe chiyamba 2 koloko, ndikathamanga ndikapeza. Ndinatsegula chikwama kuti nditenge ndalama yobwererera.

Pamwamba penipeni panali kope lofiira, chikuto chake chitanyowa ndi chiperoni, patsogolo nditalemba ndekha ndi zilembo zikuluzikulu kuti CHIPEPESO. Pansi pake jumbo yakuda yomanga mfundo ziwiri, yodzaza ma K50, ma K100, ma K500 opindapinda, ena onunkha utsi, ena onunkha usipa, ndalama zimene amayi ogulitsa tomato anamasula pa mfundo za zitenje zawo. Envelopu ya chinkhoswe munalibe. Mwambo wa maliro unayenera kuyamba 10 koloko. Thupi la munthu linali pamphasa ku Bangwe kudikira bokosi, mwana wa mlongo wanga anali ku Phalombe kudikira amalume ake, ine ndili pa malire a dziko ndi ndalama za maliro m'manja.

Chimene chinandichitikira pamenepo sindinkadziwa kuti chili ndi dzina. Pachifuwa panathina ngati wina wandimanga ndi chingwe cha njinga. Mpweya unkalowa osafika. Zala zinachita dzanzi, thukuta linatuluka kunja kukuzizira, makutu ankalira. Ndinakhala pa kamlatho ka ngalande m'mphepete mwa msewu ndikukhulupirira kuti imfa yanga yafika. Kenaka ndinalira, kulira kofuula kumene sindinalire ngakhale pa maliro a bambo, munthu wa zaka 46 nditavala jekete la chinkhoswe.

Ndinene zoona zonse. Ndinayang'ana kutsidya n'kuganiza zongowoloka, ndikasowe kumene palibe wondidziwa. Kuseri kwa ganizo limenelo kunabwera lina lakuda kwambiri, loti mwina onsewa angapepukidwe ine nditachoka padziko. Apolisi akamalengeza za anthu odzipha m'dziko muno ambiri amakhala amuna, ndipo ngongole ndi mavuto a m'banja zimatchulidwa kawirikawiri. Kale ndikamva pa wailesi ndinkapukusa mutu n'kumati anthu amenewo ndi ofooka. Tsiku limenelo ndinazindikira kuti njira yawo imayambira pamene ndinali ine: kusagona, kubisa, ndi kuopa kunena kuti ndalephera.

Pafupi ndi pamene ndinakhala panali mayi wina wachikulire wogulitsa nthochi ndi nanazi. Anasiya malonda ake, nabwera ndi madzi m'kachigubu.

"Mwanangu, imwani kaye. Pang'onopang'ono. Tsamirani apa." Anadikira mpaka mpweya unayamba kubwerera. "Kwagwa zovuta kumudzi?"

Ndinayamba ndi za kope lija, koma pakamwa patatseguka sipanatsekekenso. Ndinawauza za Freddy, za ana asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi, za akatapila atatu, za usiku wowerengera kudenga, zinthu zimene ngakhale mayi a Chisomo sankazidziwa. Iwo ankangomvetsera, wogula akabwera n'kumugulitsa, n'kubwereranso kudzakhala pambali panga. Sanandidzudzule, sanandilalikire. Nditatha anathyola nthochi ziwiri n'kundipatsa.

"Mwadya liti?"

"Dzulo masana."

"Idyani. Nanga kwa mayi anu munabadwa nokha?"

"Tilipo asanu ndi mmodzi."

"Enawo manja alibe?"

Ndinasowa choyankha.

"Mwanangu, phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Inu mwasunga maphukusi a anthu onse, lanu mwalisiya pamsewu. Likatayika limenelo, enawo asunga ndani?"

Anaitana mdzukulu wawo kuti akatchajitse foni yanga pa malo ometera tsitsi. Itayaka inanjenjemera kwa nthawi yaitali ndi mauthenga. Ndinayamba kuimbira mkulu wa mpingo.

"Muli kuti, bambo a Chisomo? Anthu akudikira kuno."

"Ndili ku Muloza."

Anakhala chete. Kenaka anafunsa motsitsa mawu, "Ku boda?"

M'funso limenelo ndinamva zonse zimene zinkayankhulidwa pa maliropo. Munthu wasowa ndi chipepeso, foni wazimitsa, ndipo wapezeka pa malire a Mozambique. Ndani akanaganiza zina? Dzina limene ndinalisamala zaka makumi awiri linagwa m'mawa umodzi.

Ndinapita pa kabenchi ka wotumiza ndalama pa foni. Tinamasula jumbo ija, kuwongola ndalama imodziimodzi, kuziunjika malinga ndi mtundu, ine ndikusonkhanitsa manambala a m'kope. Zinakwana K187,450, osaperewera ngakhale K50. Ndinatumiza, ndinajambula masamba onse a kope n'kutumizanso. Koma nthawi inali itapita. Bokosi linafika pasiwa 2 koloko itadutsa, ndipo malemu anaikidwa dzuwa likulowa, abale ena ochokera kutali atabwerera kale osaona manda.

Kenaka ndinaimbira mayi a Chisomo. Ndinkayembekezera mkwiyo. Ndinangomva mpweya wautali.

"Muli moyo? Basi. Bwerani pang'onopang'ono, kuno zikuyenda."

Kumudzi ndinafika pa njinga yamoto kutada, anyamata akugwetsa tenti. Chinkhoswe chinali chitachitika. Mng'ono wanga wotsiriza, amene ndinkamuonabe ngati mwana chonsecho ali ndi zaka 33 ndi ana awiri, ndiye anaima m'malo mwanga. Anapereka msoti, analandira tambala, analangiza banja latsopanolo, ndipo akuluakulu a kuchimuna ankamuyamikira kuti mawu ake anali okhwima. Mlongo wanga anakambirana ndi mwini tenti kuti adikire. Amayi a banki mkhonde ya m'mudzi anabwereketsa ndalama ya mbuzi. Mng'ono wanga wa ku Johannesburg atangouzidwa anatumiza ndalama pa Mukuru ola lisanathe. Pa foni usiku umenewo anandifunsa kuti, "Achimwene, bwanji simunkandiuza kuti zafika pamenepa? Ine ndimati muli bwinobwino, poti simupempha."

Mtima unandipweteka pawiri. Ndinapwetekedwa poona kuti zimene ndinkati popanda ine sizingatheke zinatheka. Ndinapwetekedwanso kwambiri mwana wa mlongo wanga atabwera kudzagwada pafupi nane, zovala za chinkhoswe asanavule, misozi ili m'maso.

"Amalume, nthawi yonse ndimayang'ana kumsewu."

Ndalama zinabwezedwa, ngongole ya mbuzi inalipidwa Lolemba, koma tsiku limenelo silidzabweranso. Mwana amene ndinamulera sanandione pa tsiku lake, ndipo chinandilepheretsa si ulesi kapena kuuma mtima. Chinali kukana kupuma.

Anthu atagona mayi anandiitanira kukhitchini. Anasonkhezera moto, nandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwana wanga, ndinaika bambo ako, ndinaika mlongo wanga. Iwe ndisakuike chifukwa cha malata ndi fizi. Khoma likagwa timamanga lina. Iwe ukagwa ndikakutenga kuti?"

Sabata yotsatira mayi a Chisomo anandiperekeza kuchipatala. BP inapezeka pa 160/100. Dokotala, bambo wachinyamata wofatsa, atamva za ku Muloza anaika cholembera pansi n'kuyamba kundifunsa mafunso asanu ndi anayi okhudza masabata awiri apitawo: ngati ndikugona bwino, ngati ndikudya, ngati zimene zinkandisangalatsa zikundisangalatsabe, ngati ndimadziona ngati wolephera amene wagwiritsa mwala banja lake, ngati ndinaganizapo zodzipweteka. Pafupifupi lililonse ndinayankha movomera, mkazi wanga akumva, ndipo anandigwira dzanja pa funso lotsiriza lija. Dokotala anati ndikuvutika maganizo komanso ndili ndi nkhawa yopitirira muyeso. Za pa kamlatho paja anati ndi mantha ogwira munthu mwadzidzidzi, pamene thupi limachita ngati lakumana ndi chilombo pomwe chilombocho chili m'maganizo, ndipo kusagona masiku angapo kumawakolezera.

"Adokotala, chonde musanditumize ku Zomba," ndinatero.

Kwa ine, monga kwa ambiri, matenda a maganizo anali a munthu woyenda maliseche pamsika, wopita naye ku chipatala cha amisala ku Zomba atamangidwa manja. Anandifotokozera kuti chipatala chimene chija chimathandiza amene akufunika kugonekedwa, koma ambiri ovutika maganizo amachira akukhala kwawo, ena ndi uphungu wokha, ena ndi uphungu pamodzi ndi mankhwala. Anati m'zipatala za m'maboma muli anamwino ophunzira za maganizo, ndipo a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amagwira ntchito yomweyi. Anandipatsa mankhwala a BP n'kundilembera tsiku lokumana ndi phungu.

Kwa phungu uja ndinamva za dokotala wa ku Zimbabwe, Dixon Chibanda, amene anaphunzitsa agogo aakazi ku Harare kukhala pa mabenchi a pa zipatala n'kumamvetsera anthu ovutika maganizo, ntchito imene imatchedwa Friendship Bench. Achishona vutoli amalitcha kufungisisa, kutanthauza kuganiza kwambiri. Nditamva ndinakumbukira mayi wa nthochi uja. Iye sanaphunzire zimenezi kulikonse, koma anachita zomwezo: anandikhazika pansi, anamvetsera, nandithandiza kuona choyamba kuchita. Dzina lake sindinafunse, ndipo zimenezi zimandidandaulitsa.

Phungu anandipatsa ntchito imene inandivuta kuposa kumwa mankhwala. Anati ndilembe papepala ndalama imene ndimalandira, ngongole zanga zonse, ndi anthu onse amene amadalira ine, kenaka ndikaonetse abale anga. Mu Ogasiti tinakhala pansi pa mtengo wa mango kwa mayi, wa ku Joni ali pa foni. Ndinawerenga pepala lonse, manja akunjenjemera. Tinagawana. Wa ku Joni anatenga feteleza ndi mankhwala a mayi. Mng'ono wanga wotsiriza anatenga unkhoswe wa mabanja awiri. Ine ndinatsala ndi fizi ya ana awiri ndi kubweza akatapila, ndipo ndinanena poyera kuti mpaka ngongolezo zitatha sinditha kuthandiza china.

Si onse anakondwa. Mlongo wanga wina ananyamuka, nakutumula chitenje chake, nanena mawu amene ndinawathawa moyo wanga wonse:

"Achimwene ayamba kudzikonda."

Anandilasa, ndipo usiku umenewo sindinagone. Miyezi iwiri sanandiimbire. Koma m'miyezi imeneyo ndinalisinkhasinkha liwuli mpaka ndinaliona bwino. Wodzikonda ndi amene amatseka chitseko n'kumadya yekha mwana wa mlongo wake akulira panja. Munthu amene akuti, "Ndatopa, ndithandizeni," sanatseke chitseko chilichonse. Wachitsegula kuti ena alowe. Ndipo nditadzifufuza moona mtima ndinapeza kuti kudzikonda kwenikweni kunabisala m'moyo wanga wakale uja. Ndinkakonda kutchedwa "sakana". Ndinkakonda kuti chilichonse chidzere m'manja mwanga. Ndinamana mkazi wanga envelopu, ndinamana mng'ono wanga mpata wokula, ndinamana m'bale wanga wa ku Joni mwayi wothandiza mayi ake omubala. Mwambi woti mutu umodzi susenza denga ndinkaunena polangiza mabanja a anthu ena, ine mwini denga lonse ndalisenza ndekha. Umunthu umene timaunyadira umati munthu ndi munthu chifukwa cha anzake. Ine ndinkaumva mbali imodzi yokha, yoti anzanga akufuna ine, osamva kuti inenso ndikufuna iwo.

Panatsala ulendo umodzi umene ndinkauzengereza. Ndinapempha mkulu wa mpingo kuti andiperekeze kwa mayi wamasiye uja. Tinawapeza atakhala pamphasa, makina osokera a malemu ataphimbidwa ndi nsalu pakona. Ndinagwada n'kufotokoza zonse, osadzitchinjiriza. Anamvetsera mutu uli pansi.

"Maola aja anandiwawa, bambo a Chisomo. Kukhala ndi thupi la amuna anga pamphasa, anthu akunong'onezana, sindidzaiwala. Koma ndamva, ndipo ndakukhululukirani." Anayang'ana makina aja. "Anzanuwa nawo ankasoka mpaka pakati pa usiku. Mutu ukawawa ankati ndi dzuwa. Kuchipatala ankati apita akamaliza mayunifomu. Inu mwapatsidwa mwayi. Mudzisamale, akazi anu asadzakhale pamphasa ngati ine nthawi isanakwane."

Lero sindinganene kuti zonse zinatha. Ngongole imodzi ndikubwezabe, ndipo masiku ena tulo timavuta. Koma 9 koloko usiku foni ndimazimitsa, abale onse akudziwa kuti za mwadzidzidzi aimbire mayi a Chisomo. Munthu akandipempha kanthu ndinaphunzira kuyankha kuti, "Ndikuyankhani mawa," kuti ndione kaye thumba ndi mphamvu zanga. Lamulungu masana ndimayenda wapansi cha kuphiri la Bangwe, osanyamula kope lililonse. Mankhwala ndimamwa, kusikelo ya BP ndimapita. Ana anasiya kuthawira kuchipinda akamva mapazi anga. Mlongo wanga uja anaimba yekha pa Khirisimasi, ndipo tinacheza ngati kale.

Kamtima kodziimba mlandu kamabwerabe, makamaka ndikakana chinthu chimene kale ndikanavomera. Kakabwera sindilimbana nako. Ndimakumbukira kope lofiira lija pamiyendo panga ku Muloza, n'kudzifunsa kuti kodi tsiku limene lija, nditavomera zonse, ndinathandiza ndani.

Kwa amuna anzanga osenza mbumba, a ku Ndirande, a ku Kawale, a ku Joni amene mumagona anthu asanu m'chipinda kuti mutumize kumudzi, pempho langa ndi limodzi. Tulo tikakuthawani masabata awiri, nsima ikasiya kukoma, foni ikayamba kukuopsani, uzani munthu. Uzani akazi anu, m'bale wanu, abusa, shehe, kapena namwino. Ganizo lakuda lija likakufikirani musagone nalo, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Musadikire kuti mukadzidzimukire pa boda.

Mwezi wathawu m'dera lathu munagwanso maliro. Nditafika anandibweretsera kope monga kale. Ndinalilandira ndi manja awiri, n'kuitana mnyamata wina wa kwaya amene amalemba bwino, ndinamuonetsa mojambulira mizere, dzina uku ndalama uku, ndi kumuuza kuti asachoke pamalopo asanapereke kwa mkulu wa mpingo pamaso pa mboni ziwiri. Ndinakhala pamoto ndi anzanga, tinaimba, tinapepesa anamfedwa. Itakwana 10 koloko ndinatsanzika n'kupita kukagona. M'mawa ndinabwerera mutu uli mbee, ndipo pochoka pasiwa kupita ku lole ndinali mmodzi mwa amuna asanu ndi mmodzi amene ananyamula bokosi.